Bondo Lovulala pa Mpira: Mmene Foni Ingathandizire Kucira Popanda Opaleshoni

Pa mabwalo a fumbi a ku Shimabala, ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound, si cacilendo kuona mnyamata akucotsedwa m'bwalo atanyamulidwa ndi anzake pa Ciweru kapena pa Sondo masana. Nkhani yake kawiri-kawiri imayenda motere. Analumpha kuti amenye mpira ndi mutu, anatera ndi mwendo umodzi, bondo linapotoka, ndipo anamva kulira mkati monga kamtengo kathyoka. Anzake anam'koka mwendo ndi kum'thira madzi. Kunyumba amai ake anam'thowa ndi madzi otentha. Patapita masabata atatu kutupa kunacepa, ndipo mwezi usanathe anabwerera m'bwalo. Atangotembenuka ndi mpira, bondo linagwedera ndipo anagwa. Caka cotsatira mnyamata yemweyo sakutha kunyamula thumba la simenti pa ganyu, ndipo kunjuta pa cimbudzi kumam'vuta.

Zimenezi zimacitikiranso atsikana a mpira wamanja ndi wamiyendo, ndipo kwa iwo ngozi yoduka mtsempha wa mkati mwa bondo ndi yaikulu kuposa kwa anyamata. Ambiri mwa mabondo amenewa akanacira bwino popanda mpeni wa dokotala. Cimene cinasowa ndi maseweredwe olimbitsa mwendo ocitidwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndiponso munthu wodziwa woyang'anira. Apa ndi pamene foni ya m'thumba, imene masiku ano imapezeka m'nyumba zambiri za m'komboni, yayamba kugwira nchito.

Zimene zili mkati mwa bondo

Bondo ndi pokumanira fupa la nchafu ndi fupa la msongolo, ndipo kutsogolo kwake kuli kafupa kozungulira konga mbale. Mafupa amenewa amamangidwa ndi mitsempha inai yolimba ngati zingwe. Iwiri ili m'mbali, umodzi cakumkati ndi wina cakunja. Iwiri inayo ili pakati peni-peni ndipo imapingasana. Wakutsogolo mwa iwiri yopingasanayi ndiwo umene azacipatala amaucha ACL, ndipo ndiwo umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka pamene munthu atembenuka mwadzidzidzi. Pakati pa mafupa palinso timitsamiro tiwiri tolimba ngati labala, tochedwa meniscus, timene timalandira kulemera kwa thupi.

Mtsempha wa m'mbali cakumkati ukatamuka kapena kung'ambika, pafupi-fupi nthawi zonse umadzilumikiza wokha. Ukavulala pang'ono umatenga sabata imodzi kufika atatu, ndipo ukang'ambika kwambiri ungatenge masabata 6 kufika 12. ACL ndiyo yovuta, cifukwa ikaduka kawiri-kawiri siibwerera mmene inalili, ndipo nchito yake iyenera kutengedwa ndi minofu ya nchafu.

Pali cinthu cimodzi cimene mabanja ambiri sacidziwa. Bondo likatupa, thupi limazimitsa mnofu waukulu wa kutsogolo kwa nchafu, kotero kuti ngakhale munthu afune kuulimbitsa, sugwira bwino. M'masabata ocepa nchafu imaonda moonekeratu. Ululu ukatha, wovulala amaganiza kuti wacira, koma mwendo umakhala ulibe mphamvu yoteteza bondo. Ndiye cifukwa cake kuvulala kwaciwiri kumakhala koipa kuposa koyamba.

Coyamba ndi manja a wacipatala

Palibe foni imene ingagwire bondo ndi kumva ngati mtsempha ukali wolimba. Wovulala aliyense amene bondo lake latupa afunika kupimidwa ku kiliniki, ndipo ngati kuli kofunika adzatumizidwa ku Kafue General Hospital. Ofunika madokotala a mafupa amatumizidwa ku Lusaka, monga ku UTH.

Bondo limene latupa m'maola awiri oyamba kawiri-kawiri limakhala ndi magazi mkati, ndipo cimeneci ndi cizindikiro cakuti cinacake cacikulu caduka. Wovulala afunika kujambulidwa X-ray ngati sangathe kuyenda mapazi anai, ngati sangathe kupinda bondo kufika pamene munthu amapindira akakhala pa mpando, ngati fupa leni-lenilo likupweteka polikhudza, kapena ngati ali ndi zaka 55 kupita m'tsogolo. Kwa mwana amene akali kukula, cimene cioneka ngati kubinya cabe cingakhale kuthyoka kwa fupa pamalo pamene limakulira. Makolo adziwenso kuti X-ray imaonetsa mafupa okha. Mawu akuti "palibe cathyoka" satanthauza kuti mitsempha ili bwino. Makina amene amaonetsa mitsempha ndi a MRI, amene amapezeka m'zipatala zocepa ndipo ndi odula, koma wacipatala wozolowera amadziwa zambiri ndi manja cabe, maka-maka akapimanso bondo patapita sabata imodzi kapena awiri pamene kutupa kwacepa.

Pali zizindikiro zina zosafunika kuyembekezera kuti kuce. Phazi likazizira, likacita dzanzi kapena likalephera kutukuka, mtsempha wa magazi kapena wa mauthenga ungakhale utavulala. Bondo likatentha kwambiri ndi kufiira ndipo munthu ali ndi malungo, mungakhale mafinya. Katumba akatupa ndi kupweteka, magazi angakhale ataundana m'mtsempha. Ndipo bondo likatsekeka, osatheka kuongoka ngati kuti mwalowa kamwala, kacidutswa ka meniscus kangakhale katapanikizika, ndipo limenelo ndi bondo lofunika dokotala wa mafupa mwamsanga.

Pa masiku atatu oyamba, madzi otentha ndi kusisita mwamphamvu zimaonjezera kutupa. Cofunika ndi kupumitsa mwendo, kuukweza pa mtsamiro, kumanga bandeji mosathina, ndi kuika aisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 kufika 20. Ngati magetsi kulibe, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira a mumtsuko imathandizako. Panado amacepetsa ululu. Brufen ndi diclofenac ndi za masiku ocepa cabe, ndipo si za munthu wa zilonda za m'mimba kapena wa matenda a impso. Kutema mphini pa bondo lotupa ndi ngozi, cifukwa tizilombo tikalowa m'mfundo timaononga bondo m'masiku owerengeka.

Kodi ACL ikaduka, opaleshoni ndi ya aliyense?

Okonda mpira amakumbukira kuti Jacob Mulenga sanali nawo m'timu ya Chipolopolo imene inatenga cikho ca Africa ku Libreville mu February 2012, cifukwa anali atavulala bondo ku timu yake ya FC Utrecht. Anthu amamva kuti osewera a ku Ulaya amacitidwa opaleshoni mwamsanga, ndiye amaganiza kuti wosauka amene sangaikwanitse ndiye kuti walemala basi. Kafukufuku sakamba conco.

Ku Sweden madokotala anatenga acinyamata 121 a zaka 18 kufika 35, okonda masewera, amene ACL yao inali itangoduka. Anawagawa pawiri mwa maere. A gulu loyamba, anthu 62, anacitidwa opaleshoni mwamsanga ndi kupatsidwa maseweredwe olimbitsa mwendo. A gulu laciwiri, anthu 59, anayamba ndi maseweredwe okha, ndipo anauzidwa kuti bondo likapitiriza kuvuta adzacitidwa opaleshoni pambuyo pake. Zotsatira zinafalitsidwa mu 2010. Patapita zaka ziwiri, magulu awiriwa sanasiyane pa ululu kapena pa kagwiridwe ka nchito ka bondo, ndipo mwa anthu 59 aja, 23 okha ndiwo anali atacitidwa opaleshoni. Pofika zaka zisanu anali 30. Kutanthauza kuti pafupi-fupi theka sanaifune konse, ndipo amene anacedwa kuicita sanataye kanthu cifukwa coyamba ndi maseweredwe.

Koma nkhani ili ndi mbali yaciwiri. Kafukufuku wina wa ku Britain wa mu 2022 anatsatira anthu 316 amene anakhala nthawi yaitali ndi bondo logwedera. Mwa iwo, amene anacitidwa opaleshoni anali bwinopo patapita miyezi 18. Conco maseweredwe ayenera kuyamba msanga ndi kucitidwa mokwanira kwa miyezi yosacepera itatu. Bondo likapitiriza kugwedera pambuyo pake, wovulala abwerere kwa dokotala wa mafupa, cifukwa kugwedera kulikonse kumapera timitsamiro ta meniscus tija.

Vuto leni-leni ndi mtunda

Amene amaphunzitsa maseweredwe amenewa ndi anchito ya fiziyotherapi, amene ambiri amangowacha a fiziyo. Muno m'Zambia amaphunzira ku Evelyn Hone College, ku University of Zambia ndi ku masukulu ena, koma ndi ocepa, ndipo m'zipatala za boma mzere wao umakhala ndi odwala sitiroko, ana olumala ndi anthu ovulala pa ngozi za pamseu. Wosewera wa ku Ulaya amaonana ndi wa fiziyo tsiku lililonse. Mnyamata wa ku Shimabala afunika kukwera minibasi kupita ku Kafue, kapena kudutsa Chilanga kupita ku Lusaka, ndi mwendo wosapindika, ndiponso kutaya tsiku la ganyu. Amapita kawiri kapena katatu, ndalama zimatha, ndipo amaleka. Pepala la zithunzi za maseweredwe limene anapatsidwa limathera pa kuyatsira mbaula.

Nchito ya foni ndi kufupikitsa mtunda umenewu. Ku Australia anayesa njira imeneyi pa anthu 394 odwala bondo kwa nthawi yaitali. Ena anaonana ndi wa fiziyo maso ndi maso, ndipo ena anaonana naye pa vidiyo ali kunyumba. Zotsatira za mu 2024 zinaonetsa kuti a pa vidiyo anapeza bwino mofanana ndi anzao. Amenewo anali anthu acikulire a nyamakazi ya m'bondo, osati osewera mpira, ndipo intaneti yao ndi yamphamvu kuposa ya m'komboni. Komabe phunziro lake ndi loonekeratu: munthu akapimidwa bwino, maseweredwe angathe kuphunzitsidwa ndi kuongoleredwa patali.

Cofunika ndi kupangana ndi wa fiziyo pa ulendo woyamba. Si onse amene angavomere kulandira mauthenga pa foni yao, ndipo ali ndi ufulu wokana, koma amene avomera angakonze kuti wovulala azibwera kamodzi pa masabata atatu kapena anai, ndipo pakati apo azitumiza zithunzi ndi mavidiyo pa tsiku limene agwirizana.

Mmene foni imasewenzera

Nchito yoyamba imacitikira ku cipatala komweko. Wa fiziyo akamaonetsa maseweredwe, m'bale amene waperekeza wovulala ajambule vidiyo, atapempha cilolezo, ndipo ajambule wovulala yemweyo akucita ndi kuongoleredwa. Vidiyo imeneyi ndi yabwino kuposa iliyonse ya pa intaneti, cifukwa ndi ya bondo lake lomwe, ili m'cinenero cimene amamva, ndipo siifuna mabandulo poionera. Aliyense amene anakhala mu mdima mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri, adziwa ubwino wa cinthu cosungidwa kale m'foni.

Nchito yaciwiri ndi kupima. Wovulala agone cagada pa mphasa, ndipo wina am'jambule cithunzi ca m'mbali, foni itaikidwa pansi molingana ndi bondo. Zithunzi zikhale ziwiri: cimodzi mwendo utaongoledwa mpaka pamene uthera, cina bondo litapindidwa mpaka pamene lithera. Zijambulidwe pamalo amodzi-modzi, pa mtunda umodzi-modzi, kamodzi pa sabata. Pali mapulogalamu a pa foni amene amapima kupindika kwa bondo m'madigiri, ena pa cithunzi ndipo ena poika foni pa msongolo. Si olondola ngati cipangizo ca wa fiziyo, koma akasewenzetsedwa ndi munthu mmodzi m'njira imodzi amaonetsa ngati zinthu zikupita patsogolo. Kuyenda kumafuna kuti bondo lipindike madigiri pafupi-fupi 60, kukwera masitepe ndi kukhala pa mpando pafupi-fupi 90, koma kunjuta pa cimbudzi cokumba kumafuna oposa 130. Ngakhale zili conco, cofunika koposa ndi kuongoka. Bondo limene latsala pang'ono kuongoka limacititsa munthu kutsimphina kwa zaka, ndipo likauma motero ndi lovuta kulibweza. Pa cithunzi, mpata wa pansi pa bondo umaonekera bwino, ndipo wa fiziyo angauone ali kutali.

Kuonjezera pa zithunzi, tepi ya telala ipime kukula kwa nchafu pa masentimita 10 pamwamba pa kafupa konga mbale, mbali zonse ziwiri, ndiponso kukula kwa bondo leni-lenilo m'mawa uliwonse. Manambala alembedwe m'kabuku ka sukulu ndi kujambulidwa. Nchafu iyenera kukula, bondo liyenera kuphwa.

Nchito yacitatu ndi kamera yocedwetsa zithunzi, imene mafoni ambiri ali nayo. Wovulala akajambulidwa cakutsogolo akutsika pa sitepe ndi mwendo umodzi, vidiyo yocedwa imaonetsa cimene diso silingaone: bondo likugwera mkati, ciuno cikupendekeka, thupi likuthawira ku mwendo wabwino. Kugwera mkati kumeneku ndiko kumadula ACL. Munthu sakumva kuti akucita zimenezi mpaka atadzionera yekha, ndipo akadziona amafulumira kukonza kuposa pamene angouzidwa. Vidiyo ya masekondi 20 ndi yokwanira, ndipo imadutsa pa WhatsApp ngakhale netiweki ikhale yofooka. Kuimbirana pa vidiyo kumadya mabandulo ambiri ndipo kumaduka-duka, conco kusungidwe kaamba ka tsiku losintha maseweredwe.

Nchito yacinai ndi yaing'ono koma ndiyo imapulumutsa ambiri: alamu. Maseweredwe a masabata oyamba ndi otopetsa maganizo, ndipo amafunika katatu kapena kanai pa tsiku. Alamu ya m'mawa, masana ndi madzulo imakumbutsa, ndipo wochi ya m'foni imawerenga masekondi moona mtima, pamene munthu wotopa amawerenga mothamanga. Ngakhale kafoni ka mabatani kangagwire nchito imeneyi.

Ngati wovulala ndi mtsikana kapena mwana, kholo likhalepo pojambula ndi potumiza. Avale kabudula wa masewera, cithunzi cionetse mwendo cabe, ndipo citumizidwe kwa wacipatala yekha, osati m'gulu la timu.

Maseweredwe eni-eni

Foni imaona ndi kukumbutsa, koma cimene cimaciritsa ndi thukuta. Ndondomeko imasiyana malinga ndi cimene cavulala, ndipo woisintha ndi wa fiziyo, koma kawiri-kawiri imayamba ndi kudzutsa nchafu. Wovulala amakhala pansi mwendo utaongoka, amakankhira kumbuyo kwa bondo pansi, amalimbitsa nchafu kwa masekondi asanu, amamasula, ndi kubwereza kakhumi. Amaika cidendene pa thaulo lopinda kuti bondo lilendewere ndi kuongoka lokha kwa mphindi zisanu. Amakoka cidendene pa mphasa kubwera ku matako kuti bondo lipindike. Akatha kutukula mwendo wonse uli woongoka popanda bondo kugwa, ndiye kuti nchafu yadzuka. Makilachi amasiyidwa pamene munthu ayenda osatsimphina, osati pamene anzake ayamba kum'seka.

Pambuyo pake pamabwera kulimbitsa, ndipo apa ndi pamene pamatenga miyezi. Kukhala ndi kunyamuka pa mpando popanda kugwira, poyamba ndi miyendo iwiri kenaka ndi umodzi. Kukwera ndi kutsika pa njerwa. Kugona cagada ndi kutukula matako kuti minofu ya kumbuyo kwa nchafu ilimbe, pakuti imeneyi ndiyo imathandiza ACL. Kuima ndi mwendo umodzi, poyamba maso ali otsegula, kenaka otseka, kenaka pa mtsamiro. Kuchova njinga pamalo osalala, cishalo citakwezedwa. Zipangizo zodula sizofunika. Malegeni a chubu ya njinga amagwira nchito ya lamba wokoka, sokosi yodzaza mcenga imamangidwa pa kakolo, ndipo cigubu ca malita asanu ca madzi cimalemera makilogalamu asanu. Cinsinsi ndi kuonjezera kulemera pang'ono-pang'ono. Munthu amene akucita zofanana sabata ndi sabata popanda kutopa sakulimbitsa kanthu.

Lamulo lodziwira ngati wapitirira malire ndi lapafupi. Ululu wocepa pocita maseweredwe ndi wololeka, malinga ngati utha pofika tsiku lotsatira. Bondo likadzuka litatupa kuposa dzulo, nchito inaculuka, ndipo abwerere pa mlingo wa sabata yatha kwa masiku angapo. Apa ndi pamene manambala a tepi ya telala aja amathandiza, cifukwa mnyamata wofunitsitsa kubwerera m'bwalo sacedwa kunena kuti zonse zili bwino.

Makina a magetsi ndi madokotala a pa intaneti

M'masitolo ena ndi pa Facebook mumagulitsidwa timakina ta mabatire tokhala ndi zomata pa khungu. Pali mitundu iwiri imene ogulitsa amaisokoneza. Wochedwa TENS umanyerenyetsa khungu ndipo ungacepetse ululu kwa kanthawi, koma sulumikiza mtsempha ndipo sulimbitsa mnofu. Wina, umene a fiziyo amausewenzetsa, umakoka mnofu wa nchafu mwamphamvu ndipo umathandizadi kuudzutsa m'masabata oyamba, ngati uikidwa pamalo oyenera ndipo wovulala akulimbitsa nawo pamodzi. Makina otere si a munthu amene ali ndi kacipangizo ka mtima, saikidwa pa cilonda kapena pa mwendo woganiziridwa kuti magazi aundana, ndipo mai wapakati ayambe wafunsa ku cipatala. Banja limene lili ndi ndalama zocepa lingacite bwino kuziika pa ulendo umodzi wopita kwa wa fiziyo ndi mabandulo a mwezi, m'malo mogula makina.

Cimodzi-modzi ndi zomangira bondo za lastiki zogulitsidwa pa msika. Zimapatsa munthu mtima wolimba, koma siziletsa bondo kugwedera. Comangira ca zitsulo m'mbali cili ndi nchito yake pa mtsempha wa m'mbali wong'ambika kwambiri, ndipo cimalembedwa ndi wacipatala.

Pa YouTube ndi TikTok pali mavidiyo ambiri-mbiri a bondo, abwino ndi oipa, ndipo onse amakamba motsimikiza mofanana. Vuto lake ndi lakuti wojambulayo sadziwa cimene cavulala m'bondo la woonera. Maseweredwe oyenera pa mwezi wacitatu angaononge pa sabata yaciwiri. Mapulogalamu oyankha mafunso nawonso angafotokoze mawu a cingerezi olembedwa pa khadi la ku cipatala, koma sanagwirepo bondo. Aliyense wolonjeza kulumikiza mtsempha m'masiku 14 ndi mafuta, tiyi kapena jekeseni akufuna ndalama cabe. Wofuna kulipidwa kuti aziyang'anira wovulala pa foni afunsidwe ngati ndi wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, ndipo akhale munthu amene anapimapo bondolo ndi manja ake.

Tsiku lobwerera m'bwalo

Ku Kafue mwana aliyense adziwa kuti Patson Daka anacokera ku Kafue Celtic, anapita ku Austria mu 2017 ndipo anafika ku Leicester City mu 2021. Maloto amenewa ndi abwino, koma ndiwo amacititsa anyamata kubisa ululu poopa kuti malo ao m'timu atengedwa, kapena kuti ofuna osewera adzabwera iwo ali pa benci. Makochi a m'komboni, amene ambiri amagwira nchito popanda malipiro, afunika kulimba mtima pa nkhani imeneyi.

Tsiku lobwerera silidziwika ndi kalendala koma ndi mayeso. Bondo likhale losatupa, loongoka ndi lopindika mofanana ndi linzake, ndiponso lisanagwederepo kwa masabata ambiri. Kuthamanga kumayamba molunjika, pamalo osalala, mosinthana ndi kuyenda. Kutembenuka, kuima mwadzidzidzi ndi kulumpha zimabwera pambuyo. Kenaka pali mayeso a kulumpha ndi mwendo umodzi, amene amacitika wa fiziyo akalola. Wovulala amaima pa mzere ndi mwendo wabwino, amalumpha kutsogolo mmene angathere, ndi kutera pa mwendo womwewo osagwedera kwa masekondi awiri. Mtunda umapimidwa ndi tepi. Amacitanso ndi mwendo wovulala, katatu mbali iliyonse. Mwendo wovulala ufunika kufika pa 90 peresenti ya mtunda wa wabwino. Ngati wabwino walumpha masentimita 150, wovulala usacepere 135. Mayeso omwewo amacitidwa ndi kulumpha katatu motsatizana. Zonsezi zijambulidwe pa vidiyo yocedwa cakutsogolo, cifukwa mnyamata angafike pa masentimita 135 koma n'kutera bondo litagwera mkati, ndipo ameneyo sanakonzeke.

Wovulala mtsempha wa m'mbali angapambane mayeso amenewa patapita mwezi umodzi kapena itatu. Wa ACL amene sanacitidwe opaleshoni amatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo ena amapeza kuti angathamange, kuchova njinga ndi kugwira nchito yolemetsa bwino-bwino, koma mpira wa mpikisano umagwedezabe bondo. Amenewo ndiwo ofunika kukambirananso ndi dokotala za opaleshoni, kapena kusintha masewera.

Kochi amene ali ndi foni angasungemonso mavidiyo a FIFA 11+, maseweredwe otenthetsa thupi a mphindi 20 osafuna zipangizo zina kupatula mpira ndi zoika m'bwalo. Atayesedwa pa atsikana a zaka 13 kufika 17 ku Norway, zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunacepa ndi pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo atayesedwa pa anyamata ku Lagos ku Nigeria anathandizanso. Amafunika kucitidwa kosacepera kawiri pa sabata, ndipo wosewera amene wangobwerera kucokera ku kuvulala ayambe kwa masabata angapo ndi maseweredwe a timu okha, kenaka mphindi 15 kapena 20 za mpikisano, bondo likupimidwabe ndi tepi m'mawa wotsatira.